Ulendo wa ku Cape Maclear: zomwe komiti inanena Loweruka

(Ambiri simunabwere kumsonkhano, ndiye tasindikiza mawu a mlembi wa komiti ya ulendo monga anayankhulira.)

Achimwene ndi achemwali, ndiyambe ndi nkhani ya bwato lagalasi, poti ndi imene yadzadza pagulu lathu la WhatsApp sabata yonseyi. Wina anaponya kanema wa alendo ali m'bwato lomwe pansi pake ndi galasi, nsomba zikudutsa kunsi kwa mapazi awo, basi aliyense: "Ifenso chonchi!" Kanema uja anajambulidwa kunyanja yamchere, komwe sitima zikuluzikulu za alendo zimaima maola ochepa, anthu n'kutsika kukakwera timabwato toteroto. Kwathu kuno mabwato omwe amatenga alendo ku Chembe ndi wamba, a injini kumbuyo. Galasi lilipo ndithu, koma limavalidwa kumaso, pamodzi ndi kapaipi kopumira. Ndipo kwa ine kuona kotereku n'kwabwino kuposa kwa mu kanema, chifukwa nsomba umaionera pafupi, pena imakukhudza chala.

Ena munati tikwere Ilala, tikaone nsomba sitimayo ikaima. Maganizo abwino, ndipo tsiku lina tidzachite. Ilala ndi gogo wathu: inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera zidutswazidutswa, n'kuyamba kuyenda panyanja mu 1951. Koma kuchoka ku Monkey Bay kukafika kumpoto ndi kubwerera ndi ulendo wa masiku angapo, pafupifupi sabata. Chachiwiri, Ilala ikaima pa Likoma kapena pa Nkhata Bay imaimira katundu ndi okwera, saimira ife oona nsomba. Matumba akatha kutsitsidwa, lipenga lalira, yapita. Tangoganizani anthu 25 ali m'madzi kuseri kwa thanthwe, zikwama ndi mafoni zili m'sitima. Komiti yakana.

Ndiye tasankha Cape Maclear, masiku awiri. Tinyamukira ku Limbe m'mamawa, kudzera Zomba, Liwonde, Mangochi, kenako msewu wa ku Monkey Bay. Tisanafike pa Monkey Bay tikhotera kumanzere, makilomita pafupifupi 18 kudutsa m'mapiri. Werengerani maola asanu kapena kuposerapo, poti pa Liwonde wina adzafuna chimanga chootcha, tikudziwana.

Malo tikupitawo si gombe chabe. Ndi Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 a UNESCO anaiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi. Chifukwa chake si njovu kapena mkango ayi, ndi nsomba. Nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, ndipo yochuluka mwa mitunduyi simungaipeze kwina kulikonse. Ife a mu Blantyre timadziwa chambo, usipa ndi kampango, tonse timazidziwira m'mbale. Zomwe tikukaona ndi mbuna, tinsomba ta m'miyala ta buluu, tachikasu, tamizeremizere, tomwe anthu a ku Ulaya ndi ku America amagula ndi ndalama zambiri kuti aziweta m'matanki agalasi m'nyumba zawo.

Mukadzalowa m'madzi pa chilumba cha Thumbi kapena pa Otter Point, musamangophiriphitha. Gonani chafufumimba, khalani phee, muyang'ane thanthwe limodzi. Mudzaona kuti yaimuna, yowala kwambiriyo, ili ndi kamalo kake ndipo ikuthamangitsa inzake iliyonse yoyandikira. Mudzaona zikupala ndere pamwala ngati mbuzi pa msipu. Mukaona yaikazi yotupa kukhosi, isakudya, si kudwala: ili ndi mazira m'kamwa. Imawasunga momwemo mpaka ataswa, ndipo pakatha pafupifupi masabata atatu imalavula tiana tamoyo. Ndipo poti mbuna sizikonda kuwoloka mchenga kapena madzi akuya, gulu la pa chilumba china limakhala kwaokha zaka zikwizikwi mpaka kusiyana mtundu ndi la pa chilumba choyandikana nacho. A Biology, mafunso a mayeso aja muwaonera pamenepa.

N'chifukwa chake pali malamulo. M'madzi a paki, mamita 100 kuchokera kumtunda, saloleza kuwedza. Amene munali ndi maganizo onyamula mbedza, isiyeni ku Ndirande. Pachipata timalipira, ndipo Amalawi timalipira zochepa kuposa alendo akunja, choncho aliyense atenge chitupa cha unzika kapena cha sukulu.

Tsopano nkhani yomwe ndikufuna mumvetsetse. Titafunsa pano kuti odziwa kusambira ndi angati, manja anali ochepa, ndipo ena mwa okweza manjawo anaphunzirira mu Mudi madzi ofika m'mawondo. Nyanja ya Malawi pena imazama mamita pafupifupi 700. Pa Thumbi sipafika pamenepo, koma thanthwe likatha phazi silipondanso pansi. Mu 1946 sitima ya Vipya, yatsopano, yachitsulo, inamira kumpoto kwa nyanjayi chifukwa cha mphepo, anthu 145 anafa. Ndiye bwato lathu laling'onoli tisalichite masewera.

Komiti yagwirizana kuti wopanda jekete yoyandamitsa sakwera, kaya ndi katswiri wosambira. Majeketewo tikawerenga ndi maso athu tisanapereke ndalama, osati "alipo bwana, ali m'bwatomo." Mwini bwato akati limanyamula anthu 12, tikwera 12, ena adikire ulendo wachiwiri, kulipira kawiri kuli bwino kusiyana ndi kupanikizana kuti tisunge ya mafuta. Mowa m'bwato ayi. Ndikuona ena mukuseka kumbuyoko, koma pamenepa sitikambirana. Mtengo, maola, malo okaima, ndi zoti magalasi akumaso ali mumtengo womwewo kapena ayi, zonsezi tidzamvana tili pamtunda, anthu awiri a komiti ali pomwepo. Bwato likhale la gulu lozindikirika la operekeza alendo pamudzipo, osati la aliyense wotipeza pamchenga.

Nthawi yake nayo ndi nkhani. Kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti kumawomba mwera, nyanja imachita mafunde, madzi amazizira. September ndi October madzi amayera bwino, mvula isanagwetsere matope m'nyanja. Ena munati tipite pa 15 October, tsiku la anakubala. Ine ndikuti ayi. Tsiku limenelo Malawi yense amathamangira kunyanja, maminibasi amakweza mtengo, malo ogona amadzaza, pamsewu pamakhala oyendetsa oledzera. Tipite sabata ziwiri lisanafike. Ndipo bwato tikwere m'mawa, nyanja isanayambe kuvunduka. Woyendetsa akayang'ana kumwamba n'kunena kuti lero sitipita, sitipita. Tikaona manda a amishoni a Livingstonia omwe anafika pamalopo mu 1875, malungo n'kuwasamutsira ku Bandawe mu 1881. Dzina loti Cape Maclear analipereka ndi David Livingstone, kulemekeza mnzake Thomas Maclear wa ku Cape Town. Eni ake amati Chembe.

Za likodzo ndisabise, makolo adzakufunsani. Ku Chembe liliko. Tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi osaya, makamaka kufupi ndi mudzi komwe anthu amachapa ndi kusamba, ndipo timalowa pakhungu, osati pomwa madzi pokha monga ena amaganizira. Choncho tikasambira kumiyala ya kuchilumba, osati pagombe la pamudzi. Tikabwerako, pakatha miyezi iwiri kapena itatu aliyense apite kuchipatala akanene kuti anasamba m'nyanja; mankhwala ake ndi praziquantel, ndipo kumwa tsiku lomwe mwabwera sikuthandiza chifukwa amapha nyongolotsi zikakula. Neti ya udzudzu musaiwale.

Pobwerera kuchilumba oyendetsa bwato amaimba likhweru n'kuponya nsomba m'madzi, nkhwazi n'kutsika kuchokera mumtengo kudzaiwakha. Ojambula konzekerani, zimachitika kamodzin'kamodzi. Foni ikhale m'kapepala ka pulasitiki komanga bwino.

Osakwana zaka 18, kalata ya makolo ikhale itafika kwa ine pofika Loweruka likudzali. Msungichuma alemba ndalama yonse pagulu mawa, yogawidwa: minibasi, malo ogona, chipata, bwato, chakudya. Theka liperekedwe mwezi uno kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba kuti tigwire malo ogona, ndipo mukatumiza, tumizaninso uthenga wotsimikizira. Amene simudziwa kusambira mundipeze tikatha pano ndikulembeni, kuti pokwera bwato aliyense wa inu akhale ndi mnzake womuyang'anira.