KHUTBAH YA JUMU'AH: KUGULITSA KATUNDU KU BOMA NDI AMAANAH

Kutamandidwa konse ndi kwa Allah (SWT), Mbuye wa zolengedwa zonse. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Muhammad (SAW), akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Abale ndi alongo athu olemekezeka mu Chisilamu, lero tikumbutsane za malonda omwe ambiri mwa ife timapezera riziki muno mwa Mzimba. Timagula nyemba kwa Jenda, chimanga ku Embangweni ndi ku Luwerezi, kenako timafunafuna mwayi wokagulitsa ku chipatala cha boma, ku ndende, ku sukulu zogonera komweko kapena ku khonsolo ya M'mbelwa. Ena timasoka yunifolomu, ena timakonza galimoto za boma. Malondawa ndi halaal. Koma tidziwe kuti wogulitsa ku boma wasenza amaanah yolemera kuposa wogulitsa pa msika.

Pa msika wogula amapisa dzanja m'thumba, amayang'ana sikelo, ndipo akakana nyemba zofumbwa timabwerera nazo. Ku boma wosayina kuti katundu wafika si amene adye. Adye ndi wodwala amene wagona mu wodi, mkaidi amene sangasankhe ndiwo, ndi mwana wasukulu amene makolo ake adagulitsa mbuzi kuti alipire fizi. Thumba la makilogalamu 50 likafika ndi 46, kapena nyemba zikasakanizidwa ndi timiyala, tabera anthu omwe alibe podandaulira.

Qur'an yolemekezeka, mu Surah Al-Mutaffifin, ikulonjeza chionongeko kwa opungula miyeso. Mu Surah Hud tikuuzidwa kuti anthu a ku Madyan adawonongedwa atakana chenjezo la Mneneri Shu'aib (AS) pa nkhani ya sikelo. Imam Muslim adalandira hadith yakuti tsiku lina Mtumiki (SAW) adapisa dzanja mu mulu wa chakudya pa msika napeza kuti chonyowa chidabisidwa pansi, ndipo adamukana wachinyengo kuti sali m'gulu lake. Nanga ife amene timapereka chimanga chosauma kuti chilemere pa sikelo tidzayankha chiyani?

Choipa chachiwiri ndi chiphuphu. Timachitchula maina okoma: kangachepe, ya fanta, kuthokoza abwana. Surah Al-Baqarah, ndime 188, ikuletsa kupereka chuma kwa olamula pofuna kudya za ena mwachinyengo, ndipo Mtumiki (SAW) adatemberera wopereka ndi wolandira yemwe. Pamene wotolera zakaah wotchedwa Ibn al-Lutbiyyah adabwera ndi katundu wina nati ndi mphatso zake, Mtumiki (SAW) adamudzudzula pa mimbari, pakuti akadakhala m'nyumba ya makolo ake palibe akadamupatsa. Asilamu ogwira ntchito m'makomiti ogula zinthu m'boma, phunziroli ndi lanu.

Dziko lathu lidalawa kale zipatso za khalidweli. M'chaka cha 2013 kudaphulika nkhani ya Cashgate, pamene makampani ankalandira macheke a boma popanda kupereka kanthu. Owerengera ndalama a Baker Tilly adapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zidasowa kuyambira April mpaka September chaka chimenecho. Mayiko otithandiza adaimitsa thandizo la bajeti, ndipo wovutika adali munthu wa kumudzi. Mu 2022 ndalama pafupifupi K750 miliyoni za feteleza wa AIP zidalipidwa ku kampani ya ku Britain yomwe ntchito yake idali ya nyama. Tisanene kuti izi ndi za ku Lilongwe. Wolemba kuti wapereka matumba 100 atapereka 80 wachita tchimo lomwelo, kusiyana kwake ndi kukula kwa nambala.

Sitikuiwala mavuto anu, amalonda. Boma limachedwa kulipira, miyezi imapita, ndipo ena amathawira kwa akatapila. Katapila ndi riba, ndipo riba ndi haraam. Choncho tikulangizani izi. Lembetsani bizinesi yanu ku PPDA, bungwe lomwe lidabwera ndi lamulo la 2017 m'malo mwa ODPP, ndipo lipirani msonkho ku MRA. Musapereke katundu popanda LPO, pakuti Surah Al-Baqarah, ndime 282, ikutilamula kulemba ngongole. Musatenge oda yoposa mpamba wanu. Ndi bwino kuphatikiza mpamba ndi m'bale wokhulupirika n'kugawana phindu. Wina akakupemphani chiphuphu, kanani ndipo kaneneni ku ACB. Tenda ingakudutseni, koma riziki lomwe Allah adakulemberani silidzadyedwa ndi wina.

Amene adapungulapo kale, khomo la tawbah likadali lotsekula. Koma tawbah ya chuma cha anthu siikwanira ndi misozi yokha: bwezani zomwe mudatenga tsiku la Qiyaamah lisanafike, pakuti kumeneko malipiro adzakhala ntchito zathu zabwino.

Tikupempha Allah (SWT) kuti ayeretse malonda athu, atikwaniritse ndi halaal ndi kutitalikitsa ku haraam. Ameen.