BP Ikatsika: Chizungulire cha M'mbali mwa Nyanja

Matenda a kuthamanga kwa magazi, amene ambiri amangoti BP, atchuka kwambiri masiku ano. Koma pali vuto linzake limene silikambidwa kawirikawiri, ndilo kutsika kwa BP, ndipo m'madera otentha a m'boma la Mangochi, monga Makawa, Malindi, Msaka ndi Monkey Bay, vutoli silisowa.

Chipangizo choyezera BP chimaonetsa manambala awiri. Munthu wamkulu wa thanzi amakhala cha m'ma 120 pa 80, ndipo manambalawo akatsika kufika pansi pa 90 pa 60, madokotala amati BP yatsika. Alipo anthu ena amene ndi chibadwa chawo kukhala ndi BP yotsika, koma amalima ndi kupalasa bwato popanda chovuta. Amenewa safunika mankhwala. Wofunika chithandizo ndi uja amene amamva chizungulire akaimirira, m'maso mumachita mdima, thupi limalefuka, mwinanso amakomoka.

Anthu ambiri amasokoneza vutoli ndi kuchepa kwa magazi, kumene kumabwera ndi malungo, likodzo kapena kusowa zakudya zoyenera. Izi ndi ziwiri zosiyana, ngakhale kuti zingathe kugwira munthu mmodzi. Wothamangira kukagula mankhwala owonjezera magazi asanayezetse angakhale akutaya ndalama zake pachabe.

Kunyanja kuno, kawirikawiri gwero la vutoli ndi kuchepa kwa madzi m'thupi. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala dzuwa limaswa mtengo. Msodzi amachezera usiku wonse panyanja, mayi amaima tsiku lathunthu akuyanika usipa, thukuta lili kamukamu, koma onsewa amaiwala kumwa madzi. N'zodabwitsa kuti ludzu limavulaza anthu amene madzi ali pakhomo pawo. Mowa suthandiza konse, chifukwa umakodzetsa. Tsono chizungulire chimene pamtunda chingangogwetsa munthu pamchenga, m'bwato chingathe kumugwetsera m'madzi akuya.

Choopsa koposa ndi kutsekula m'mimba ndi kusanza. Mliri wa kolera umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi inali pakati pa maboma amene anakhudzidwa kwambiri. Kolera imapha pochotsa madzi m'thupi mpaka mtima kusowa chokankha. Wodwala chotere ayambe kumwa Thanzi ORS nthawi yomweyo, ali pa ulendo wa kuchipatala. Ngati Thanzi palibe, asungunule masipuni aang'ono 6 a shuga, osasefukira, ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira kolorini.

Munthu akakomoka, amugoneke chagada pamthunzi ndi kukweza miyendo yake pa mpando kapena pa thumba, kuti magazi abwerere kumutu. Asamukhazike tsonga, ndipo asamumwetse kanthu kufikira atatsitsimuka, kuopa kumutsamwitsa. Ngati thupi lazizira, mtima ukugunda mofulumira, akulankhula zosokonekera kapena sakukodza, apite naye msanga ku chipatala chapafupi, kumene angamuike diripi.

Okalamba azidzuka pang'onopang'ono, kuyamba akhala kaye pamphasa asanaimirire. Asilamu amene akusala m'mwezi wa Ramadan azimwa madzi okwanira usiku ndi m'bandakucha. Amene amamwa mapiritsi a BP yokwera, makamaka aja okodzetsa, akayamba kumva chizungulire asasiye okha mankhwalawo, koma akaonane ndi dokotala kuti aonenso mlingo wake. Za kuwonjezera mchere m'ndiwo nazonso ziyambe zamveka kwa dokotala, pakuti mchere umene uthandiza uyu uvulaza uyo.

Mayi woyembekezera amatha kumva chizungulire akagona chagada, choncho azigonera kumanzere. Koma akaona magazi, kaya ali ndi pakati kaya wangochira kumene, asadikire kuti kuche. Abale afune galimoto kapena njinga yamoto usiku womwewo.