Mlendo Wonyamula Kamera M'nkhalango ya Dzalanyama

Awa ndi mawu amene mwana wa dera lino, yemwe amajambula zithunzi za nyama ndi mbalame, adayankhula pa msonkhano wa komiti ya chitukuko ku Malingunde.

Mwandipatsa mpata woti ndifotokoze za ulendo umene ndidayenda m'chilimwe chapitachi, ndekhandekha pa galimoto, kukakwera mapiri ndi kukajambula nyama m'nkhalango zitatu za m'chigawo chino chapakati. Ndikudziwa kuti ena mukudzifunsa kuti nkhani ya munthu wongoyendayenda ndi kamera ikulowa bwanji pa bwalo lokamba za mijigo, milatho ndi midadada ya sukulu. Mundilezere mtima, ifika pakhomo pathu posachedwa.

Ndidanyamuka ku Lilongwe kulowera ku Salima, kenaka ndidakhotera kumpoto mu msewu wa m'mbali mwa nyanja mpaka ku nkhalango ya Nkhotakota. Nkhalangoyi ndi yaikulu pafupifupi masikweya kilomita 1,800. Kale inali ndi njovu zoposa 1,500, koma opha nyama mozembera lamulo adazitha mpaka zidatsala zosakwana 100. Mu 2015 boma lidagwirizana ndi bungwe la African Parks kuti liziyang'anira malowa, ndipo mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zidasamutsidwa pa magalimoto kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Mungaganize kuti njovu 500 n'zosavuta kuzipeza. Ayi ndithu. Tchire la kumeneko ndi la miombo ngati lathuli, lowirira, ndipo chinyama chachikulu ngati nkhokwe chimatha kuima pafupi nawe osachiona.

Kumeneko mlendo saloledwa kuyenda pansi yekha. Amapatsidwa mlonda wa nyama wonyamula mfuti. Amene adandiperekeza ine ankayenda maso ali pansi. Akapeza ndowe ankazigunda ndi nsapato n'kunena kuti izi n'za m'mawa uno. Ankatapa fumbi n'kuliwaza m'mwamba kuti aone kumene mphepo ikulowera, chifukwa njovu siona patali koma fungo la munthu imalimva msanga. Pa tsiku lachitatu adandikhazika pa thanthwe m'mbali mwa mtsinje wa Bua, nandiuza kuti tidikire. Tidadikira mpaka miyendo idachita dzanzi, ndipo dzuwa litapendeka njovu zidatsikira kumadzi. Kamera inali yanga, koma chithunzicho adachipeza ndi iye, ndipo ndalama imene ndidalipira inali yogulira maso ake. Mfundo imeneyi muisunge.

Kuchoka apo ndidadutsa msewu wopita ku Kasungu, umene umang'amba nkhalango ya Nkhotakota pakati. Ku paki ya Kasungu ndidagona pafupi ndi damu la Lifupa, pomwe mvuu zimadzuma usiku wonse. Nakonso kudabwera njovu 263 kuchokera ku Liwonde mu 2022. Pano ndisakubiseni kanthu: anthu a m'midzi yozungulira pakiyo, kuno ku Malawi ndi kutsidya ku Zambia, akhala akudandaula kuti njovu zikuwathera mbewu m'minda, ndipo ena adataya abale awo. Nyama imene mlendo amaiona yokongola pa chithunzi, mwini munda amaiona mwina. Aliyense wobwera kudzakuuzani kuti zokopa alendo ndi phindu lokhalokha, mumufunse za Kasungu.

Nkhalango yachitatu ndi yathu ino ya Dzalanyama, ndipo ndi imene ndadzera.

Boma la atsamunda lidaiika kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1922. Ndi ya mahekitala pafupifupi 99,000, yoyala m'malire a dziko lino ndi Mozambique. Mtsinje wa Lilongwe umachokera m'menemo, n'kudzadzaza madamu awiri a Kamuzu amene tili nawo pano pa Malingunde, loyamba la mu 1966 ndi lachiwiri la mu 1989. Munthu wa ku Area 47 kapena ku Kawale akatsegula mpopi m'mawa, amamwa mvula imene idagwa pa mitengo ya Dzalanyama. Izi mukuzidziwa kuposa ine, chifukwa ena mwa makolo anu adasamuka kupereka malo kwa madziwo.

Dzina lake likunena lokha kuti kudali kodzala nyama. Lero mukayenda tsiku lonse, mwina muona anyani, apusi, gwape mmodzi akudumpha, ndi pomwe nguluwe zafukula usiku. Wofuna njovu kapena njati sabwera kuno. Komabe alendo amabwera, ena ochokera ku Ulaya, ena ku South Africa, ena ogwira ntchito mu mzinda wa Lilongwe ofuna kupumako Loweruka. Chimene amatsata ambiri a iwo ndi mbalame.

Mwina ena museka, chifukwa kwa ife mbalame ndi ndiwo za ana. Koma m'miombo ya Dzalanyama muli mtundu wa gogomole umene m'mabuku a mbalame amautcha dzina la Stierling. Pa dziko lonse lapansi umapezeka m'Malawi muno, kumwera kwa Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique basi. Mulinso tchete wina wa mutu wobiriwira motuwirako, yemwe saluka chisa ndi udzu monga atchete a kudambo, koma amachimanga ndi tizomera totuwa tolendewera m'nthambi za mitengo ikuluikulu ngati ndevu za nkhalamba. Tizomera timeneti sitimera pa mphukira za chaka chatha. Timafuna mtengo umene wakhala zaka zambiri. Mtengo womwewo ndi umene wootcha makala amayamba kuusankha, chifukwa makala ake ndi olemera ndipo amakhalitsa pa mbaula. Wa kamera ndi wa nkhwangwa akulimbirana mtengo umodzi.

Kujambula mbalame za m'miombo kuli ndi kachitidwe kake. Umadzuka tambala woyamba, chifukwa kuwala kwabwino ndi kwa m'mamawa, dzuwa lisanakwere. Likafika pa liwombo zithunzi zimatuwa ndipo mbalame zimabisala. Ukhoza kuyenda ola lathunthu nkhalango ili zii, ngati mulibe chamoyo. Kenaka mwadzidzidzi mtengo umodzi umangoti piringupiringu, mitundu khumi kapena kuposa ikudyera pamodzi: ina ikugogoda pa thunthu, ina ikufufuza m'masamba, ina ikuwakha tizilombo touluka timene zinzake zavumbulutsa. Gulu lotere silikhalitsa. Limasuntha mtengo ndi mtengo, ndipo wosadziwa kumene lalowera amatsala akuyang'ana masamba. Ndidataya nalo masiku awiri ndili ndekha. Tsiku lachitatu ndidapempha mnyamata wina wobusa ng'ombe m'mphepete mwa nkhalango kuti andiperekeze. Sadziwa dzina lachizungu la mbalame ngakhale imodzi, koma akamva kulira patali amadziwa mwini mawuwo, mtengo umene amakonda ndi nthawi imene amatsikira kumadzi. Nzeru zimenezi adaziphunzira ndi legeni ndi ulimbo. Pofika nthawi ya nkhomaliro tidali titampeza gogomole uja. Mlonda wa ku Nkhotakota ali ndi yunifomu ndi malipiro a pa mwezi; mnyamata wathuyu ali ndi maso omwewo, koma palibe amene adamuuzapo kuti ndi ntchito.

Makolo athu adatisiyira nkhani ya Kaphirintiwa, m'mapiri omwewa a Dzalanyama, pomwe amati anthu oyamba adatsikira limodzi ndi nyama thanthwe likadali lofewa, nasiyapo mapazi awo. Amati anthu ndi nyama ankakhala pamodzi mwamtendere kufikira tsiku limene munthu adapeka moto, tchire n'kuyaka, nyama n'kuthawa. Nkhaniyi idandibwerera m'mutu m'mwezi wa Seputembala uja, nthawi imene mombo ndi tsamba zimaphuka masamba ofiira ndipo phiri lonse limaoneka ngati lapakidwa utoto. Ndi nyengo yokongola kuposa zonse, koma ndi yomwenso utsi wa moto wolusa ndi wa mauvuni a makala umaphimba mapiri. Pamwamba pa chitunda china ndidawerenga mizere ya utsi ikukwera uku ndi uku, ndipo potsika ndidapatukira njinga zambiri zosenza matumba a makala kulowera ku tauni.

Sindidabwere kudzanyoza okankha njingazo. Ndi abale athu, ndipo palibe amene amakankha matumba atatu usiku wonse chifukwa chokonda. Makalawo amapsera m'mbaula za mu mzinda, m'nyumba za anthu omwe aja amamwa madzi a m'madamu athu. Mu 2015 boma lidatumiza asilikali kukalondera nkhalangoyi, ndipo mu 2020 lamulo la zankhalango lidakhwimitsidwa. Njinga zikutsikabe. Ndiponso ndikanakunamizani ndikanati alendo a kamera adzalowa m'malo mwa makala chaka chamawa. Ndi ochepa, ndipo amabwera mwa apo ndi apo. Chimene ndikunena n'chakuti ndalama yochepa imene amabwera nayo panopa imangodutsa m'midzi mwathu ndi fumbi la galimoto, osatsikamo, chonsecho mtengo umene wajambulidwa lero ukhoza kujambulidwanso chaka chamawa ndi mlendo wina.

Munthu woyenda yekha amasiyana ndi gulu lobwera pa basi ya kampani, limene limanyamula chakudya chake, dalaivala wake ndi woliperekeza wake. Woyenda yekha amadalira anthu a m'njira pa chilichonse. Ine ndidamatitsa tayala pa msika wina, ndidagula nthochi, mazira ndi mbatata yootcha, ndidatchajitsa mabatire a kamera pa shopu ya sola, ndidalipira wondisungira galimoto pamene ndidali m'phiri. Koma zonsezi ndidazipeza chifukwa ndine wa kuno ndipo ndimadziwa kupereka moni. Mlendo weniweni sadziwa khomo loti agogode. Amaopa kusochera, poti njira za m'nkhalango zimafanana ndipo foni siigwira paliponse. Amaopa kutchulidwa mitengo itatu yosiyana pa ntchito imodzi. Ndipo pali china chimene amaopa kuposa zonsezi.

Tonse tikukumbukira mphekesera za anamapopa zimene zidabuka ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo mu 2017. Anthu osalakwa adaphedwa chifukwa chongokhala achilendo pa malo, kapena chifukwa cha chikwama chimene adanyamula. Tsono taganizirani munthu wosadziwika, ali yekha, watsika galimoto mbandakucha, wanyamula chitsulo cha miyendo itatu ndi kamera ya galasi lalitali ngati mkono, akusuzumira m'tchire kuseri kwa mudzi. Ndikupemphani, mafumu anga, kuti nkhaniyi mukaikambe m'midzi zisanachitike. Munthu wotere mumufunse, ndi ufulu wanu. Mumutengere kwa a nyakwawa ngati simukukhutira. Koma tsiku limene mlendo mmodzi adzavulazidwe m'dera lino, mbiri yake idzafika kutali kuposa kumene zithunzi zathu zidafikako.

Naye mlendo ali ndi zoti auzidwe. Kuno ndi ku Uchewa. Ku manda ndi ku dambwe sikulowedwa ndi kamera. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO lidamulemekeza mu 2005, sajambulidwa popanda chilolezo cha eni mzinda. Malo ngati kachisi wa ku Msinja, kwa Makewana, kumene makolo ankapempha mvula, ali ndi eni ake ndi miyambo yake. Ngakhale mayi amene akuchapa pa mtsinje ayenera kupemphedwa asanajambulidwe. Alendo ambiri amalakwa chifukwa palibe adawauza, ndipo woyenera kuwauza ndi woperekeza wa pamudzi.

Choncho pempho langa ku komiti ino ndi laling'ono, losafuna ngakhale thumba limodzi la simenti. Mudzi uliwonse wa m'mphepete mwa nkhalango usankhe achinyamata awiri kapena atatu, anyamata ndi atsikana omwe, odziwa njira, mitengo ndi mbalame, amene mfumu ingawaikire umboni. Maina awo akhale kwa a nyakwawa, ku komiti yosamalira zachilengedwe ya m'mudzi ndi ku ofesi ya zankhalango, kuti asamaoneke ngati olowa m'nkhalango mozemba. Mugwirizane mtengo umodzi wa theka la tsiku ndi wa tsiku lathunthu, ulembedwe poonekera, ndipo kagawo kena kazipita ku thumba la mudzi kuti amene saperekeza alendo nawonso aonepo kanthu. Anzathu a ku Mitundu ali ndi phiri la Bunda, limene anthu amakwera kale sabata iliyonse. A ku Nathenje ali ndi Ngala ndi njira ya ku phiri la Nkhoma. Munthu amene wabwera kudzagona usiku umodzi ku Dzalanyama akhoza kukhala masiku anayi m'dera lathu ngati wina amulozera kotsatira. Za msewu wolowera ku nkhalango, umene umavuta nthawi ya dzinja, ndazisiya m'manja mwa a khansala. Akuudziwa bwino, poti nawonso amadutsa momwemo.

Kumbali yanga, ndili ndi buku la zithunzi za mbalame ndi zoonera patali ziwiri. Ndine wokonzeka kuyenda ndi achinyamata amene mudzasankhe Loweruka lililonse la mwezi wa mawa, kuti iwo andiphunzitse maina a makolo, ine ndiwaonetse maina amene alendo amafunsa. Tizikumana pa msika wa Malingunde dzuwa lisanatuluke. Zithunzi za ulendo wonse ndaziyala pa tebulo kumbuyoko. Cha gogomole chili pakati, ndipo amene akumudziwa dzina lina la kuno andiuze tikamatuluka.