Kalulu Woumbidwa ndi Nyemba ku Japan

Mwezi ukakhwima m'nyengo ya Seputembala kapena Okutobala, anthu a ku Japan amakhala pabwalo kuti auyang'ane. Iwo amati m'mwezimo muli kalulu amene akusinja mpunga mu mtondo. N'chifukwa chake pa mwambo umenewu, wotchedwa tsukimi, ambiri amadya maswiti oumbidwa ngati akalulu.

Maswiti achikhalidwe a dzikolo amatchedwa wagashi. Luso lowapanga lidakula m'nyengo ya Edo, kuyambira 1603 kufikira 1868, pamene shuga wolowera pa doko la Nagasaki adayamba kupezeka. Kumwera tiyi wobiriwira ndiko kudawatchukitsa, pakuti kutsekemera kwake kumapha kuwawa kwa tiyiyo.

Mtundu umene umaumbika bwino ndi nerikiri, ndipo zofunika zake ndi nyemba zoyera, shuga ndi ufa wa mpunga womata. Mayi amaviika nyembazo usiku wonse, kuzisenda makoko ndi kuziphika mpaka zitafewa ngati chipere. Kenaka amazipyoza pa sefa, kuzifinya m'nsalu, ndi kuzibwezera pamoto pamodzi ndi shuga, akuvundula kufikira madzi ataphwa. Pambali amaphika kaphala kolimba ka ufa wa mpunga uja, ndipo amakandira pang'ono chabe m'nyembamo kuti zigwirane.

Apa ndi pamene pamaonekera kudekha. Nyemba zikachuluka madzi zimamata m'manja; zikauma zimang'aluka, khutu la kalulu n'kuthothoka. Motero wodziwa amazivindikira ndi nsalu yonyowa, natapa kambamu kamodzikamodzi. Amakabulungiza m'chikhato ngati dzira, amalemba makutu ndi kamtengo ka ngodya zitatu, ndipo m'maso amaikamo kadontho kofiira kapena njere za chitowe. Ana amene ali pafupi amapatsidwa mbamu zawo kuti aumbe anapiye kapena amphaka.

Nyama iliyonse imanena za nyengo yake. Chisanu chikamatha kumaoneka uguisu-mochi, wonga kambalame kamene kamayamba kuimba nthawi imeneyo, wowazidwa ufa wobiriwira wa soya. Kamba amaumbidwa pa zikondwerero pofunira munthu moyo wautali.

Popeza maswitiwa ndi ofewa ndi achinyezi, sagonera masiku ambiri. Ntchito imene idayamba dzulo ndi kuviika nyemba imatha mlendo akangoluma kawiri kapena katatu. Komabe mlendoyo, asadadye, amayamba watembenuza kambale kuti amuone bwino kaluluyo, ndipo mwini nyumba amadziwa kuti sadavutike pachabe.