Oyilo wa pikapu ya gulu: tiwerenge manambala tisanalipire



Ena mukudabwa kuti lero ndasiya nkhani ya mitengo ya soya n'kuyamba za oyilo. Pirirani nane pang'ono. Chimene chimatipulumutsa kwa mavenda obwera ndi masikelo awo pakhomo ndi kapikapu kamene gulu linagula mutasonkha zaka zingapo. Kakangoima kameneko, mtedza wathu ubwerera kwa venda, pa mtengo womwe iye wafuna.

Ndili mlangizi ndinaziona ndi maso anga. Gulu lina linagula Toyota Hilux yakale ya dizilo. Dalaivala, pofuna kupulumutsa ndalama za gulu, ankagula oyilo wa m'mabotolo a zakumwa pamsika, wopanda dzina, wopanda nambala. Mwezi wa Okutobala, galimoto itasenza matumba, injini inanoka pachitunda. Ndalama yomwe anasungira feteleza inathera kwa makaniko. Komiti inamudzudzula kwambiri mnyamatayo, koma nditatsegula buku la msungichuma ndinapeza mwezi uliwonse angolemba kuti "oyilo", ndipo onse ankasaina mokondwa poona kutchipa. Panalibe ndi mmodzi yemwe anafunsapo kuti ndi oyilo wanji.

Tsono onani chigubu ndanyamulachi. Palembedwa 15W-40. Manambala awiriwa akunena za kulemera kwa oyilo, kutanthauza mmene amayendera. Amayi mukudziwa mmene mafuta ophikira amachitira ulesi kutuluka m'botolo m'mawa wa mu Juni ku Dedza, koma akafika pamoto amathamanga ngati madzi. Oyilo wa injini ndi chimodzimodzi. Nambala yoyamba, ya chilembo W, ikunena za nthawi yozizira: ikachepa, ndiye kuti oyiloyo amafika msanga m'zitsulo mukangoliza injini m'mawa. Nthawi imeneyo ndi yoopsa, chifukwa usiku wonse oyilo amakhala atatsikira pansi ndipo zitsulo zimayamba kukhulana zisanalandire wokwanira. Nambala yachiwiri ikunena mmene oyilo amakhalira injini ikatentha, ndipo amamuyeza pa madigiri 100. Wa 40 amakhala wolemererapo kuposa wa 30, wa 50 kuposa wa 40.

Apa ndi pomwe ambiri timasokonekera. Timagwira oyilo ndi zala, tikamva kunanda timati ameneyu ndiye wamphamvu. Zala sizingayeze oyilo, abale anga. Injini za dizilo zakale, ngati za ma Hilux ambiri omwe magulu athu amakwanitsa kugula, zimayenda bwino ndi 15W-40. Mukaithira wopepuka kwambiri injini yotopa, n'kuisenzetsa matumba ku Chikwawa kapena ku Nsanje dzuwa litafika madigiri 40, oyilo amasanduka madzimadzi, kanyali kofiira n'kuyamba kuphethira. Koma ma pikapu atsopano a turbo anapangidwa ndi timipata tating'ono kwambiri, ndipo ambiri amafuna wopepuka monga 5W-30. Mukathira 20W-50 mmenemo poganiza kuti mukuikonda, oyilo amachedwa kufika ku turbo, mafuta nawo amatha msanga. Ndikudziwa kuti amakaniko ena amathira 20W-50 injini ikayamba kufuka utsi. Utsi umachepadi, koma matenda ali pomwepo. Mwangogula miyezi yochepa yoti musonkhe ndalama yokonzera.

Woweruza ndi buku la galimotoyo. Ngati munaigula yopanda buku, lembani nambala ya injini, mupite nayo kwa ogulitsa magalimoto a mtundu umenewo akuuzeni.

Pachigubu pomwepo fufuzaninso zilembo API. Zotsatira zake zikayamba ndi C, monga CH-4 kapena CI-4, ndi wa dizilo. Zikayamba ndi S, monga SL, ndi wa petulo. Ena amakhala ndi zonse ziwiri. Wa 80W-90 ndi wa kugiya ndi kudifu, asayandikire injini ngakhale mutasowa chotani.

Ndi misewu yathu ya fumbiyi, pikapu yakale ya dizilo isinthidwe oyilo pa makilomita 5,000 aliwonse, pamodzi ndi fyuluta yake. Kusintha oyilo n'kusiya fyuluta yakale kuli ngati kusefera madzi oyera pa nsalu yamatope. Oyilo wa dizilo akada msanga musachite mantha, ndi mmene amachitira. Koma akaoneka ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi, galimotoyo isayendenso.

Tsopano ndibwere pa mbali ya bungwe lathu. Mlimi sagula oyilo wa m'mabotolo chifukwa chopusa ayi. Amagula chifukwa pa tauni yapafupi ndi yekhayo amene akupezeka, ndiponso chifukwa gulu limapatsa dalaivala ndalama ya lita imodzi basi. Wina mwa oyilo ameneyo ndi wokhetsedwa m'magalimoto ena n'kungosefedwa. Ndikupempha kuti magulu oyandikana omwe ma pikapu awo amafuna oyilo wofanana aziphatikiza ndalama n'kugula chigubu chomata cha malita 20 kwa ogulitsa odziwika, monga timachitira ndi feteleza, ndipo risiti izikhala ndi nambala ya oyiloyo. Ndikupemphanso atsogoleri athu alembere a Malawi Bureau of Standards kuti aziyendera misika ya kumudzi n'kumayeza oyilo wogulitsidwa kumeneko. Ife alimi amatiyezera chinyezi cha mbewu zathu tisanagulitse; nawonso otigulitsa ayezedwe.

A msungichuma ndi madalaivala nonse, pa msonkhano wa mwezi wamawa mubwere ndi buku la galimoto, kapena nambala ya injini, ndi chigubu chomwe munathira komaliza. Tidzaziwerengera limodzi pansi pa mtengo pompano.