KADYEDWE KA ANTHU A KU THAILAND

Lero tilankhula za cakudya ca anthu a ku Thailand, dziko la ku Asia limene kale linali Siam. Dzina la Thailand linayamba m'caka ca 1939.

Monga ife sitiyesa kuti tadya ngati sitinaone nsima, momwemonso iwo ndi mpunga. M'cinenero cao mau akuti "kin khao" ndiwo kudya, koma tanthauzo lace lenileni ndi kudya mpunga. Ndiwo azicha "kap khao," ndiko kuti zodyera mpunga. Ngakhale popatsana moni amafunsana ngati wina wadya kale mpunga.

Mpungawo uli wa mitundu. A pakati pa dzikolo, kumene kuli mzinda wa Bangkok, akonda wonunkhira wochedwa hom mali. Amadya ndi supuni ku dzanja lamanja, foloko ili kumanzere, yokankhira cakudya m'supunimo. A kumpoto ndi a ku Isan, cigawo ca kumpoto cakum'mawa, amadya mpunga womata. Amauphika ndi nthunzi, nausunga m'timadengu ta nsungwi, ndipo pakudya amaumba mbamu ndi zala, natowela ndiwo monga ticitira ife.

Ndiwo zao zambiri sizifuna cuma. Nsomba zazing'ono zonga kapenta amaziika m'mitsuko pamodzi ndi mcere miyezi yambiri, ndipo madzi ace, ochedwa nam pla, ndiwo akoleretsa cakudya. Papaya wosapsa amamusenda, namudula mizeremizere, namusinja pang'ono mu mtondo ndi adyo, mandimu, shuga, nam pla ndi tsabola. Imeneyo ndiyo som tam. Tsabolayo kwao ndi ku America, ndipo akuti anafika ndi amalonda Acipwitikizi. Wanchito wosowa nthawi yophika agula mpunga ndi ndiwo zophikaphika m'mbali mwa mseu.

Koma cacikulu ndi mwambo wa pa cakudya. Ndiwo zonse zifika nthawi imodzi, niziikidwa pakati, ndipo yense ali ndi mbale yace ya mpunga. Munthu waulemu atapa supuni imodzi kapena ziwiri, nadya, nabwereranso. Wounjika ndiwo m'mbale mwace ayesedwa wosaleredwa, pakuti waiwala anzace. Ndi mwambo umenewu ndiwo zocepa zikwanira nyumba yonse, ngakhale mlendo atafika mwadzidzidzi.

Tsalani bwino, abale.