Mlendo Wodza ndi Kalumo Kakuthwa: Mmisiri M'nyumba Yosungiramo Zakale



Nyumba yosungiramo zinthu zakale, imene ambiri amangoitcha myuziyamu, ili ndi nthenda yake. Chinthu chikangolowamo chimakhala chete. Mtsuko umene udatunga madzi zaka makumi awiri umaikidwa kuseri kwa galasi, pambali pake kapepala kotchula dzina ndi dera, basi. Ng'oma siiwambidwanso pamoto, kasemasema salawanso mtengo. Ana asukulu amadutsa pamzere, manja kumbuyo, aphunzitsi akuwachenjeza kuti asakhudze kanthu. Kusungako n'kofunika, pakuti popanda iko chiswe ndi anankafumbwe bwenzi atamaliza kale ntchito yawo. Koma mtsuko wosungidwa bwino suuza mwana kumene dongo lake lidakumbidwa, kapena chifukwa chimene mnzake adaphulikira pamoto.

Mankhwala amodzi a nthendayi, amene nyumba zambiri zotere zayesa, ndiwo kuitana mmisiri kuti adzakhale nawo kwa miyezi ingapo. Akhoza kukhala wosema, woumba, wojambula, woluka kapena woimba. Amapatsidwa chipinda chogwiriramo ntchito, ndalama yomusunga pa nthawiyo, ndi chilolezo choona katundu wa m'nkhokwe amene alendo saona. Iye naye amalonjeza zinthu ziwiri: kupanga ntchito yake yatsopano, ndi kutsegula chitseko kuti anthu amupeze ali pa ntchitoyo, amufunse, ngakhale kugwira naye. Nyumba ya Victoria and Albert Museum ku London imachita zotere, ndipo masiku ena mlendo amatha kuchoka pa mbale ya zaka mazanamazana n'kukalowa m'chipinda mmene woumba wamoyo ali ndi dongo m'manja. Akale adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Nkhani yoonetsa bwino kuthwa kwa kalumoko idachitika mumzinda wa Baltimore, m'boma la Maryland ku America.

Mumzindawo muli bungwe losunga mbiri lotchedwa panthawiyo Maryland Historical Society, limene lidakhazikitsidwa mu 1844. Kwa zaka zoposa zana lidakhala likuonetsa zithunzi za mabanja olemera, mipando yawo ndi ziwiya zawo zasiliva. Maryland lidali dera la ukapolo, ndipo anthu ambiri okhala mu Baltimore ndi akuda, koma wolowa m'nyumbayo sakadadziwa zimenezo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, kagulu ka zaluso kotchedwa The Contemporary, kamene kadalibe ndi nyumba yakeyake yomwe, kadagwirizana ndi bungweli kuitana a Fred Wilson, mmisiri wakuda wobadwira ku New York mu 1954. A Wilson adali atagwirapo ntchito m'mamyuziyamu, motero ankadziwa kuti zoonetsedwa zimakhala zochepa kuyerekeza ndi zimene zimagona m'zipinda zapansi. Adatha miyezi yambiri akutsegula makabati, akuwerenga makaundula, akucheza ndi antchito a panyumbapo. Chionetsero chawo, Mining the Museum, kunena kuti kukumba mgodi m'myuziyamu, chidatsegulidwa mu Epulo 1992.

Chodabwitsa n'chakuti a Wilson sadaseme kapena kujambula kanthu. Pafupifupi zonse zidali za eninyumba. Iwo adangosintha malo ake. M'bokosi limodzi lagalasi adaikamo zikho ndi mitsuko yasiliva yozokotedwa mwaluso, ndipo pakati pake adagonekapo maunyolo achitsulo omangira akapolo. Pa kapepala adangolembapo kuti izi n'zosulasula za pakati pa 1793 ndi 1880. M'mawuwo mudalibe bodza, pakuti zonsezo zidatuluka m'manja mwa osula a nthawi imodzi, koma woona ankazindikira yekha thukuta limene lidagula silivayo. Kwina adaimika mtengo umene akaidi ankamangiriridwapo pokwapulidwa kundende ya mumzindamo, nauzinga ndi mipando yawofuwofu ya anthu olemera, ngati kuti eni mipandoyo angotuluka kumene atatha kuonerera. M'kangolo kakale koyendetsera khanda adagonekamo chisoti choyera cha gulu latsankho la Ku Klux Klan.

Polowera padali nsanamira zisanu ndi imodzi. Zitatu zidanyamula mitu yosema ya Napoleon, Henry Clay ndi Andrew Jackson, amuna amene palibe ndi mmodzi yemwe adali wa ku Maryland. Zitatu zinazo zidali zopanda kanthu pamwamba, zidangolembedwa maina: Harriet Tubman, amene adathawa ukapolo nabwerera kambirimbiri kukapulumutsa ena, Frederick Douglass, amene naye adathawa ukapolo nakhala mlembi ndi mlankhuli wotchuka, ndi Benjamin Banneker, katswiri wa masamu ndi za nyenyezi. Atatu onsewa adabadwira ku Maryland, koma nyumba yosunga mbiri ya Maryland idalibe mitu yawo yoti n'kuikapo. Pa zithunzi za mabanja achizungu, a Wilson adalozetsa nyali kwa ana akuda amene wojambula adawakankhira kumdima wa m'mphepete, ndipo mawu ojambulidwa ankamveka ngati anawo akufunsa kuti iwo ndi yani m'banjamo. Chionetserocho chidafika mpaka February 1993, ndipo anthu oposa 55,000 adachiona, chiwerengero chimene nyumbayo inali isanachionepo.

Pali zinthu ziwiri zimene zidachititsa kuti ntchitoyi itheke, ndipo n'zosavuta kuziphonya. Choyamba ndi nthawi. Munthu woitanidwa Lachisanu kuti adzasangalatse alendo Loweruka sakadawapeza maunyolo aja. Chachiwiri ndi kulimba mtima kwa eninyumba, amene adapereka makiyi a nkhokwe kwa mlendo akudziwa kuti angathe kuwavula pagulu. Kalumo kakuthwa kamameta bwino, komanso kamatema. Bungwe limene likufuna mmisiri wongoliyamikira lingachite bwino kulemba ganyu wopenta zikwangwani.

Kuno ku Malawi nzeru yoika amisiri pambali pa zosungidwa si yachilendo kwenikweni. Ku Mua, m'boma la Dedza, kumene Abambo Oyera adatsegula mishoni mu 1902, Bambo Claude Boucher Chisale ochokera ku Canada adayambitsa malo a zaluso ndi chikhalidwe a Kungoni mu 1976. Osema adayamba, myuziyamu ya Chamare idadza pambuyo. M'menemo muli mbiri ndi miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, pamodzi ndi zigoba za Gule Wamkulu zoposa 400, pamene panja pake pakumveka kugogoda kwa amisiri amoyo. Mlendo amaona mbiri m'kati, natuluka n'kupeza mtengo ukusanduka nkhope. Osema a ku Mua ndi eni dera, sali alendo a miyezi yowerengeka monga a Wilson, komabe phindu lake ndi lofanana: chosungidwa ndi chopangidwa zikuyang'anana. Funso ndi lakuti myuziyamu ya ku Chichiri mu Blantyre, ya ku Mangochi, ya ku Karonga, ndi tinyumba ta mbiri timene mabungwe a chikhalidwe amalakalaka kumanga, zingapindule chiyani zitapatula chipinda chimodzi cha mmisiri.

Mmisiriyo naye angapindule, ndipo mbali imeneyi imaiwalika kawirikawiri. Wosema wa m'mbali mwa msewu sasema zimene mtima wake ukufuna. Amasema njovu, mvuu ndi mpando wa mfumu, lero ndi mawa, chifukwa ndizo zimene mlendo wodzaona dziko amagula, ndipo ana kunyumba akudikira ufa. Luso lake limanola mbali imodzi yokha. Miyezi isanu ndi umodzi ya chakudya chotsimikizika ingamulole kugwira mtondo, chipande kapena mpini wosemedwa ndi agogo a agogo ake, kuona mmene adatsatira mitsempha ya mtengo, ndi kuyesa chinthu chimene mwina palibe angachigule. Chimodzimodzi mayi woumba mbiya, amene msika wake udalandidwa ndi ndowa zapulasitiki, kapena mkulu wodziwa kufewetsa khungwa la mombo mpaka lisanduke chiwondo.

Koma pali maenje atatu panjirayi. Loyamba ndi kusandutsa mmisiri kukhala chionetsero. Kumuveka nyanda, kumukhazika pamphasa kuseri kwa chingwe kuti alendo azimujambula ndi mafoni, n'kumuika m'galasi monga mtsuko uja, kungosiyana kuti iye akupuma. Kukumana ndi anthu kwenikweni kumafuna kuti mwana adetse manja ndi dongo, aumbe kambiya kopotoka, amve chifukwa chake kapotoka; kumafunanso kuti gogo wodzaona akhale ndi ufulu wotsutsa, kunena kuti kwawo mkombero wa nkhali saupinda choncho. Mawu otere ndi chuma, ndipo wantchito wa myuziyamu ayenera kukhala pafupi ndi cholembera. Mmisiri ayeneranso kukhala ndi masiku otseka chitseko. Wofunsidwa mafunso kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa sapanga kanthu.

Dzenje lachiwiri ndi lakuya koposa, ndipo pano nkhani ya ku Baltimore siingatsatidwe mwachimbulimbuli. A Wilson adaulula zimene zidabisidwa chifukwa cha manyazi ndi tsankho. Zobisika zina n'zobisika chifukwa cha ulemu. Bungwe la UNESCO lidalengeza Gule Wamkulu mu 2005 kukhala chuma cha anthu onse a pa dziko lapansi, m'dzina la Malawi, Zambia ndi Mozambique, koma chilengezocho sichidatsegule dambwe. Zojambula za pamiyala ya ku Chongoni, zimene zidalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006, zina mwa izo n'zokhudza chinamwali, ndipo tanthauzo lake lili m'manja mwa anamkungwi. Mmisiri wopatsidwa makiyi a nkhokwe sadapatsidwe makiyi a zinsinsizi. Asanayambe ntchito yokhudza zotere, mafumu, akuluakulu a kudambwe ndi anamkungwi ayenera kukhala pansi ndi eni myuziyamu n'kudula malire: ichi chionetsedwe, ichi chinenedwe pang'ono, ichi chisatuluke. Si mlandu kuti mmisiri awakankhe malirewo ndi mafunso, chifukwa mwambo umene sufunsidwa umauma. Koma woyankha akhale mwini mwambo, osati wopereka ndalama.

Dzenje lachitatu ndi la ndalama ndi umwini. Kuyamikira pamsonkhano sikugula sopo. Mmisiri alipidwe monga katswiri, ndipo zilembedwe poyambirira kuti chosemedwacho chidzakhala cha yani, zithunzi zake adzagulitsa ndani, ndipo dzina la ndani lidzalembedwa pakapepala. Mamyuziyamu a ku Ulaya adzaza ndi ntchito za manja a Aafirika zolembedwa dzina la mtundu ndi la mzungu amene adazitola, dzina la wopanga palibe. Kungakhale kulakwa kowawa kubwereza zomwezo pakhomo pa eni ake.

Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo miyezi ya mmisiri imatha. Chotsala chimadalira zimene zidakonzedwa iye asanafike: achinyamata awiri kapena atatu omuthandiza tsiku ndi tsiku, wojambula mawu ndi zithunzi, ndi malo m'nkhokwe osungiramo ntchito imodzi pamodzi ndi zida zimene adaipangira. Posankha woyamba kuitanidwa, kungakhale kwanzeru kuyang'ana zaka. Ojambula achinyamata a m'tauni adzakhalapobe zaka khumi zikudzazi. Amene adaona ndi maso awo ng'anjo ikuyaka, mvukuto ukupuma, mwala ukusanduka khasu, atsala owerengeka, ndipo ambiri a iwo sangathenso kuyenda ulendo wautali. Kwa otere myuziyamu ndiyo iyenera kunyamuka, kutenga khasu lakale la m'galasi, kulikulunga bwino, ndi kukaliika m'manja mwawo pakhonde la kwawo, ana a m'mudzimo atakhala pansi mozungulira.